Buku m'Chikwama, Foni m'Thumba

Mwezi uno tikutengani ulendo wa kummwera, ku mzinda wa Livingstone, mtunda wa makilomita pafupifupi 470 kuchokera ku Lusaka. Aliyense amene adayendako mu msewu waukulu wa Mosi-oa-Tunya akuwadziwa alendo a mtundu wina amene amatsika basi atabereka zikwama zikuluzikulu kumsana, nkhope zitafiira ndi dzuwa, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Pa Chingelezi amatchedwa ma backpackers. Iwowa sagona m'mahotela a m'mphepete mwa Zambezi m'mene usiku umodzi umadya malipiro a mphunzitsi a mwezi wathunthu. Amagona asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, amadziphikira okha, ndipo ngwee iliyonse amayamba aitembenuza kawiri asanaitulutse.

Zaka makumi atatu zapitazo, aliyense wa alendo otere ankayenda ndi buku lonenepa, lothimbirira ndi thukuta, lopindikapindika m'makona. Bukulo ndilo linkamuuza kogona, kodya ndi kokwerera basi. Lero ambiri a iwo maso ali pa foni ya m'manja. Tsono funso limene tikufuna tikambirane ndi ili: kodi munthu wa ndalama zochepa, popita ku dziko la eni, adalire chiyani, buku losindikizidwa kapena malangizo a pa foni?

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya azungu. Ayi ndithu. Ana athu omwe akuwoloka malire masiku ano kuposa kale: ena ku maphunziro, ena ku malonda, ena kukaona abale, ena kungofuna kuona m'mene dziko lidakhalira. Amapita ku Botswana, ku Namibia, ku Zimbabwe, ku Tanzania ndi ku South Africa, ndipo kawirikawiri ndalama ya m'thumba mwawo imakhala yochita kusonkherana pabanja. Ndalama yotere ikathera panjira chifukwa cha malangizo olakwika, amene amasowa tulo ndi makolo kumudzi. Mzinda wa Livingstone, umene uli pa khomo la maiko anayi, ndi sukulu yabwino yophunzirirapo za nkhaniyi.

Kumene mabukuwa adachokera

Kulembera anzako njira sikudayambe dzulo. M'chaka cha 333, munthu wina wa ku Bordeaux, m'dziko limene lero ndi France, adayenda ulendo wachipembedzo mpaka ku Yerusalemu, nalemba malo onse opumirapo ndi kutalika kwa mtunda pakati pa malowo. Cha m'ma 1140 kudalembedwa malangizo a anthu opita ku Santiago de Compostela ku Spain, owauza ngakhale mitsinje ya madzi abwino kumwa ndi ya madzi oipa. Mabuku a mtundu umene tikuudziwa lero adayamba m'zaka za m'ma 1830, ndi Karl Baedeker ku Germany ndi John Murray ku London, koma amenewa ankalembera anthu opeza bwino.

Anthu a matumba opepuka adakumbukiridwa pambuyo pake. Mu 1973 Tony ndi Maureen Wheeler, atayenda pamtunda kuchokera ku England kudutsa Asia mpaka kukafika ku Australia, adasindikiza kabuku kofotokoza m'mene munthu angayendere ulendo wotere ndi ndalama zochepa. Ndicho chiyambi cha Lonely Planet. Mu 1977 kampani yomweyo idatulutsa buku la Africa lolembedwa ndi Geoff Crowther, limene pambuyo pake lidatchuka ndi dzina loti Africa on a Shoestring. Mu 1974 Hilary ndi George Bradt adayamba mabuku awo a Bradt, ndipo mu 1996 kudatuluka buku lawo lonena za Zambia yokha, lolembedwa ndi Chris McIntyre. Mabuku amenewa ndiwo adatsogolera mibadwo ya achinyamata a zikwama ku Livingstone. Chiwerengero chawo chidakula kwambiri chitadutsa chaka cha 2000, pamene mavuto a ndale ndi a chuma ku Zimbabwe adachititsa alendo ambiri kusankha kugona tsidya lino la mtsinje.

Zimene buku limachita bwino

Ubwino woyamba wa buku losindikizidwa ndi wakuti limafotokoza zinthu zimene sizisintha msanga, ndipo limazifotokoza mwadongosolo, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Titenge chitsanzo cha mathithi enieniwo. Mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi otambalala mamita opitirira 1,700 ndipo pamalo ozama kwambiri madzi amagwa mamita 108. Koma si mwezi uliwonse umene munthu amaona chimodzimodzi. Mvula imene imagwa ku gwero la Zambezi, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Zambia, imayamba yatandala m'chigwa cha ku Barotse, n'kumatsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake madzi amafika pachimake cha mu Epulo, mvula itayamba kale kukata. Nthawi imeneyo nthunzi imachuluka kotero kuti woyenda pa kamlatho ka Knife Edge amanyowa ngati wagwera m'dziwe, ndipo mathithiwo amawamva ndi makutu kuposa kuwaona ndi maso. Pofika mu Okutobala ndi Novembala, mbali yaikulu ya kuno ku Zambia imasanduka khoma la mwala wouma, ndipo wofuna kuona madzi ambiri amayenera kuwolokera tsidya la Zimbabwe.

Munthu amene wawerenga mutu umodzi wa buku labwino amadziwa zonsezi asanagule tikiti. Amasankha mwezi woyenera, ndipo ngati ayenda m'chilimwe amaikiratu padera ndalama yowolokera. Amene wangoona chithunzi chokongola pa foni, osadziwa mwezi umene chidajambulidwa, akhoza kuyenda masiku awiri pa basi kuchokera ku Chipata kapena ku Lilongwe n'kukapeza miyala.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti buku limampatsa mlendo mbiri ya malo. Limamuuza kuti David Livingstone adafika pa mathithiwa mu Novembala 1855 atachita kuperekezedwa m'bwato ndi anthu a m'dzikomo. Kuti azungu oyamba adakhala pa Old Drift, pafupi ndi mtsinje, pamene malungo adawatha ambiri. Kuti mlatho wa njanji utatha mu 1905 mzinda udasamukira kumtunda kumene uli lero. Kuti kuyambira 1911 mpaka 1935 Livingstone ndiye adali likulu la Northern Rhodesia lisanasamukire ku Lusaka. Ndi kuti nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, imene idayamba mu 1934, ndiyo yakale ndi yaikulu koposa m'dziko lonse. Kwa munthu wa ndalama zochepa zimenezi ndi chuma, chifukwa zinthu zotsika mtengo m'mzinda uliwonse ndi zomwezo zimene zimafuna kuti uzimvetse kuti usangalale nazo. Kudumpha pa mlatho utamangidwa chingwe m'miyendo kumadya madola oposa 100 ndipo kumatha mphindi zochepa. Kuyenda wapansi m'misewu yakale ya m'tauni, ukudziwa nyumba imene ukuyang'ana, sikudya kanthu.

Ubwino wachitatu ndi wodziwikiratu: buku silifuna magetsi, silifuna netiweki, ndipo wakuba salisirira. Likhoza kugwa pansi osasweka. Ukhoza kulemba m'mbali mwake, kung'amba masamba amene ukuwafuna, n'kusiyira mnzako otsalawo.

Pamene buku limakalamba

Komabe buku lili ndi chilema chimodzi chachikulu: limayamba kukalamba lisanabadwe. Wolemba amafika pamalo chaka chino, buku limasindikizidwa chaka chamawa, ndipo limagulitsidwa ndi kubwerekanidwa zaka zinanso zingapo. Mitengo, malamulo ndi njira siziyembekeza wosindikiza. Mzinda wa Livingstone uli ndi zitsanzo zambiri.

Pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia lidachotsa maziro atatu pa ndalama yake: chimene chidali K50,000 chidasanduka K50. Tsiku limenelo mitengo yonse ya kwacha yolembedwa m'mabuku onse a alendo idasanduka chisokonezo. Tsidya lina zinthu zidafika poipa koposa. Zimbabwe idafika posindikiza ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni, kenaka mu 2009 idaisiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito ndalama za maiko ena. Mu 2019 idabwezeretsa dola yake, ndipo mu Epulo 2024 idatulutsa ndalama ina yotchedwa ZiG. Mapepala akale aja lero amagulitsidwa kwa alendo pafupi ndi mlatho ngati chikumbutso. Palibe buku limene likadatha kuthamanga liwiro lotere.

Njira nazonso zimasintha. Mabuku onse osindikizidwa chaka cha 2021 chisanafike amauza wopita ku Botswana kuti akakwere pantoni pa Kazungula, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Livingstone. Koma mu Meyi 2021 padatsegulidwa mlatho wa mamita 923, ndipo zonse za pamalirepo zidasintha. Malamulo a ziphaso nawo sakhala pamodzi. Mu 2014 kudayamba chiphaso chotchedwa KAZA Univisa, cholola mlendo wa kutali kulowa m'Zambia ndi m'Zimbabwe ndi viza imodzi. Patapita nthawi chidaimitsidwa, kenaka chidayambiranso mu 2016. Mu 2022 boma la Zambia lidachotseratu viza kwa nzika za maiko ambiri, kuphatikizapo Britain ndi United States. Ndipo tonse tikukumbukira chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa malire ndi nyumba zambiri zogona alendo, zina osatsegukanso. Munthu wotsatira buku lakale akhoza kugogoda pa chitseko cha nyumba imene eni ake adachokamo kalekale, dzuwa litalowa, takisi itabwerera.

Mphamvu ndi zofooka za foni

Apa ndi pamene foni imapambana. Mapu a pa foni amamuonetsa munthu pamene waima, chinthu chimene pepala silingachite. Mapu ena, monga a Google Maps ndi ochokera ku OpenStreetMap, munthu akhoza kuwasunga m'foni asananyamuke n'kumawagwiritsa ntchito popanda intaneti. Mtengo wa bedi wa usiku womwewo umaoneka pompopompo. Munthu akhoza kulembera eni nyumba pa WhatsApp n'kufunsa ngati malo alipo. Akhoza kuwerenga zimene alendo anzake adalemba sabata yatha. Akhoza kuona m'mene ndalama zikusinthidwira asanakumane ndi anyamata osintha ndalama pa malire. Ndipo mabuku akuluakulu aja nawonso tsopano amagulitsidwa oti n'kuwerengera pa foni, opanda kulemera kwa m'chikwama. Tisanyoze zimenezi, zapulumutsa ndalama za anthu ambiri.

Koma foni nayo ili ndi zilema zake, ndipo zimaonekera pa nthawi yoipa. Choyamba, imadya moto. Tonse tidaona m'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, m'mene magetsi ankazimira maola ochuluka pa tsiku. Woyenda tsiku lathunthu pa basi kudutsa Kafue, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba amafika ku Livingstone batire itatsala pang'ono kufa, pa nthawi yeniyeni imene akufuna mapu. Chachiwiri, foni imakhala bubu ukangowoloka malire. Khadi ya kwanu imaleka kugwira, kapena imayamba kudya ndalama mowirikiza, ndipo kugula ina kumafuna pasipoti, ndalama ya dzikolo ndi nthawi. Chachitatu, foni ndi katundu wosiririka. Amene waika mapu, tikiti, ndalama ndi manambala onse a abale m'chinthu chimodzi, akachitaya wataya zonse. Ngakhale nthunzi ya mathithi yomwe yaphapo mafoni ambiri.

Chilema chachinayi n'chobisika. Buku lili ndi dzina la wolemba pachikuto, ndipo akanama amadziwika. Ndemanga za pa intaneti zambiri zilibe mwini. Ina adalemba ndi mphwake wa mwini nyumba, ina mdani wake wa pamalonda, ina munthu amene adakwiya chifukwa cha udzudzu umodzi. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Komanso makampani amene amasungitsa malo ogona kudzera pa intaneti amadya gawo lawo pa bedi iliyonse, ndipo amene amaonekera pamwamba pa mndandanda si nthawi zonse amakhala wotsika mtengo kapena wabwino koposa. Nyumba zambiri zaukhondo ndi zotchipa za ku Maramba, ku Dambwa kapena ku Libuyu sizipezekamo n'komwe. Masiku ano kwabweranso makina oyankha mafunso ngati munthu; amayankha mosadodoma, koma akhoza kusakaniza za chaka chino ndi za zaka khumi zapitazo, osaonetsa msoko.

Ndipo foni imayankha chokhacho chimene wafunsa. Ukaifunsa njira yochokera m'tauni kupita ku mathithi, ikuuza kuti ndi makilomita pafupifupi 10 ndipo ikujambulira mzere woti utsate wapansi. Siikuuza kuti msewuwo umadutsa m'malo a nyama zakutchire, kuti njovu zimawoloka pamenepo makamaka m'chilimwe, ndi kuti kuyenda wapansi madzulo pofuna kupulumutsa ndalama ya takisi n'kuika moyo pachiswe. Buku labwino limanena zimenezi usanafunse. Mayi wogulitsa tomato pa msika amazidziwa bwino kuposa onse awiri.

Mafunso atatu

Tsono kuyankha funso lathu lija, ife tikuti mkangano wa pakati pa buku ndi foni ndi wopanda mutu. Buku ndi la zinthu zokhalitsa: nyengo, mbiri, miyambo, maonekedwe a dziko ndi ngozi zake. Foni ndi ya zinthu zosinthasintha: mitengo, nthawi ya basi, malamulo a pa malire. Chofunika kwambiri ndi chakuti malangizo alionse, kaya a pa pepala kaya a pa galasi, tiziwafunsa mafunso atatu.

Funso loyamba: adalembedwa liti? Buku lililonse lili ndi chaka chake m'masamba oyambirira kapena otsiriza. Chotsanipo chaka chimodzi kuti mupeze nthawi imene wolembayo adapondadi pamalopo. Pa intaneti yang'anani tsiku la ndemanga. Imene ilibe tsiku muiyese mphekesera. Za ziphaso ndi za katemera musadalire buku kapena mnzanu, koma funsani ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupitako.

Funso lachiwiri: adalemba ndani, ndipo apindulanji? Amene akukulangizani nyumba ina yake, kodi adagonamo, kapena amalandira kangachepe mukalowamo? Funso lomweli likhudzanso mnyamata amene amakuthamangirani pa siteshoni ya basi nakulandani chikwama mwaulemu. Sitikunena kuti onse ndi achinyengo. Ambiri akungofunafuna ya ufa. Koma ndi bwino kudziwa amene akumulipira. Apa tichenjezenso achinyamata athu za malonjezo a ntchito ndi malo ogona aulere ku maiko akunja amene amafalitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Amenewa si malangizo a ulendo ayi. Nthawi zina ndi msampha wa anthu ozembetsa anzawo. Wokuuzani kuti pasipoti n'njosafunika, kapena kuti akusungirani yanu, muthaweni.

Funso lachitatu ndilo lalikulu kwa ife: adalembera yani? Pafupifupi mabuku onse amene tatchulawa adalembedwa ndi anthu a ku Ulaya, America ndi Australia, kulembera anzawo. Chimene iwo amatcha chotchipa, poyerekeza ndi ndalama za kwawo, kwa mwana wa ku Katete kapena ku Dedza ndi chuma cha miyezi iwiri. Masamba awo a za ziphaso amanena za mapasipoti a kwawo. Nzika ya Zambia kapena ya Malawi siifuna viza polowa m'Zimbabwe, m'Botswana, m'Namibia kapena m'South Africa kukacheza, koma imapatsidwa masiku owerengeka, ndipo kupitirira masikuwo ndi mlandu. Pa malire ikhoza kufunsidwa kumene ikagone ndi ndalama zimene yanyamula, mafunso amene mzungu wa chikwama kawirikawiri safunsidwa. Woyenda ndi mwana wamng'ono ayenera kufufuziratu za kalata ya kubadwa ya mwanayo ndi chilolezo cha kholo limene latsala. Zotere mabukuwa amazidumpha kapena amazitchula m'mzere umodzi.

Kumbali ina, pali zabwino zathu zimene mabukuwa sazidziwa. Pa chipata cha mathithi nzika imalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wa kunja, malinga itaonetsa chitupa chake. Pa msika wa Maramba pali nsima ya nsomba yokhutitsa pa mtengo umene sungagule nawo ngakhale kapu ya khofi m'malo odyera otchulidwa m'mabuku. Mu Livingstone Chinyanja chimamveka pamodzi ndi Chitonga ndi Chilozi, kotero kuti mwana wathu akhoza kufunsa njira m'chilankhulo chake. Ndiponso tili ndi chuma chimene mlendo wa kutali alibe: achibale, anzathu a kusukulu ndi akhristu anzathu omwazikana m'mizinda yonse ya kuno kummwera kwa Africa. Buku likhoza kutchula tchalitchi chachikulu cha St. Theresa monga nyumba yoti n'kujambula, koma nthawi ya Misa ya Lamulungu, ndi banja limene lingalandire mtsikana woyenda yekha, zimapezeka pofunsa ku parishi. Kalata yochokera kwa bambo mfumu a kwanu imatsegula zitseko zimene palibe buku lingatsegule.

Mzere umodzi, mabanja ambiri

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuiiwala, ndiyo ya anthu olembedwawo. Kwa mlendo, buku ndi chida cha masabata awiri. Kwa banja la ku Livingstone limene lidamanga zipinda zinayi kuseri kwa nyumba, kwa woyendetsa takisi, kwa wosema ziboliboli wa kwa Mukuni, mzere umodzi wa m'buku ndiwo fizi ya ana. M'zaka zimene aliyense ankanyamula buku limodzimodzi, nyumba ziwiri kapena zitatu zotchulidwamo zinkadzaza, pamene zoyandikana nazo zinkakhala zopanda munthu. Wolemba mmodzi amene adakhala m'tauni masiku atatu ankagamula za malonda a zaka zitatu. Lero mphamvu imeneyi yagawidwa kwa aliyense wokhala ndi foni, kuphatikizapo ife. Ndemanga imene munthu amalemba ali ndi mkwiyo, pa mphindi imodzi, imakhala pamenepo zaka zambiri. Makolo athu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola. Ngati pali cholakwika, tiyambe tauza mwini nyumba pamaso. Tikalemba, tilembe zoona, titchule tsiku, ndipo tisaiwale kuyamika pamene tasamalidwa bwino.

Tidzifunsenso chifukwa chake malo athu timawawerenga m'maso mwa ena. Mathithi amenewa adali ndi maina Livingstone asanabadwe. Dzina loti Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda, ndi la chilankhulo cha Akololo ndi Alozi, ndipo Atoka-Leya, eni nthaka ya pamenepo, amati Shungu Namutitima. Kwa iwo awa ndi malo opatulika a makolo, osati ongojambulirapo zithunzi. Bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1989, ndipo mu 2013 mizinda ya Livingstone ndi Victoria Falls idalandira pamodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za ulendo ndi zokopa alendo. Dziko lonse likuwadziwa. Nanga ndi angati mwa ife amene adawerengapo malangizo a ulendo wa kumeneko olembedwa m'Chinyanja, onena za basi imene ife timakwera, chakudya chimene ife timadya ndi ndalama imene ife tingakwanitse? Aphunzitsi, ophunzira, a makwaya ndi a mabungwe amene mumayenda maulendo otere chaka ndi chaka, bwanji osalemba tsamba limodzi pobwera: mudakwera chiyani, mudalipira zingati, mudagona kuti, pa tsiku liti? Tsamba lotere likasungidwa pamalo podziwika, gulu la chaka chamawa silidzayambiranso pachiyambi. Mabuku akuluakulu aja adayamba motero, ndi anthu awiri olemba pa thebulo la m'khitchini.

Mau kwa makolo ndi kwa onyamuka

Pomaliza, tisiye malangizo ochepa kwa banja limene mwana wake akukonzeka kuwoloka malire. Musanagule tikiti, khalani pansi pamodzi n'kuwerenga za dzikolo m'buku, ngakhale lakale lobwereka ku laibulale kapena logula pa kaunjika wa mabuku. Mbiri ndi nyengo sizikalamba, koma mitengo yake musaikhulupirire. Mitengo ndi nthawi za ulendo zitsimikizeni pa foni sabata yonyamukira, ndipo pa ndalama imene mwawerengera muonjezerepo ya masiku awiri ndi yobwererera. Mapu asungidwe m'foni mudakali pakhomo. Kenaka mwanayo atenge kope laling'ono, alembemo ndi dzanja keyala ya kumene akagone usiku woyamba, manambala atatu a abale, nambala ya pasipoti ndi malo a ofesi ya kazembe wa dziko lake. Kopelo lisakhale m'thumba limodzi ndi foni, ndipo zomwezo zilembedwenso pa pepala lotsala kunyumba. Ayesetse kufika m'mzinda wachilendo dzuwa lisanalowe. Ndalama azigawe pawiri.

Akafika, atsegule pakamwa. Apereke moni, adzichepetse, afunse munthu wamkulu, wapolisi kapena mayi wa pa msika, ndipo afunse anthu awiri osiyana asanatsate njira. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukalifuna; asayembekeze kuti zonse zikhala monga adawerengera. Buku lidalembedwa chaka chatha, foni ikunena za sabata yatha, koma za mlatho umene wakokoloka usiku wathawu, kapena za njovu zimene zaima pa msewu m'mawa uno, akudziwa ndi munthu wa pamalopo. Safunsa adadya phula.

Kwa nonse amene muli pa ulendo mwezi uno, tikuti muyende bwino, ndipo mukafika mudziwitse a kunyumba. Tikumananso pa tsamba lomwe lino mwezi wamawa.